Kalata imene inagona mu fulashi zaka zitatu

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera mlandu wanga. Mlongo wanga sanawaone amayi athu asanatsirizike, ndipo pa maliro awo sanakhalepo, chifukwa cha ine. Sindinamutsekere njira ndi chibonga ayi. Ndinamutsekera ndi kompyuta ya ku ofesi, Loweruka lina m'mawa, ndili ndi mtima wabwino ndithu, ndikuimba mluzu. Ndalemba izi kuti wina mwa inu amene amasunga maimelo akale mu fulashi asadzachite zimene ndinachita ine.

Ndine kalaliki pa kabungwe ka alimi a mtedza ndi soya cha ku Nsaru. M'mimba mwa amayi tinabadwamo awiri, ine ndi mlongo wanga Edina. Bambo anatisiya tili ana, amalume nawonso anatsatira, choncho mwini mbumba ndinatsala ine. Udindowo ndinauvala ngati jekete yobwereka, mapewa m'mwamba, chikhalirecho ndine munthu wa mtima wapachala. Anzanga amandiseka kuti ine ndimayamba kuyankha munthu asanamalize kupereka moni.

Edina anakondana ndi Fanuwelo, mwana wa matenanti ochokera ku Phalombe amene ankalima fodya pa esiteti ina pafupi ndi kwathu. Kunena zoona, munthuyo analibe cholakwa choti ndingaloze ndi chala. Sankamwa, ankagwira ntchito ngati ng'ombe ya pangolo. Koma ine ndinkati tenanti alibe mudzi, chaka chino ali pano, chaka chamawa wakweza mphasa pa lole. Amalume ake atabwera kudzafunsira mbeta ndinawabweza kawiri konse. Kachitatu sanabwerenso. Tinangomva kuti awiriwo atengana, apita ku Joni, popanda chinkhoswe, popanda ndi kutsanzika komwe.

Patapita chaka ndinalandira imelo yochokera kwa Edina. Anapepesa, n'kunena kuti wabereka mwana wamkazi ndipo wamutcha dzina la amayi. Anaikamo ndi chithunzi cha khandalo, n'kundipempha kuti ndikawaonetse amayi.

Apa ndifotokoze pang'ono mmene tinkachitira ku ofesi masiku amenewo. Pa kompyuta yathu panali pulogalamu ya makalata. Ukalowetsa dongulo, kachipangizo kaja kofanana ndi fulashi kamene kankatipatsa intaneti, pulogalamuyo inkakoka maimelo onse n'kuwasunga m'kompyuta momwemo, ku intaneti kuja osatsala kanthu. Chifukwa cha ichi a Phiri, amene ankatikonzera makina kuchokera ku Namitete, anandiphunzitsa kuti Lachisanu lililonse ndisanaweruke ndizikopera fayilo ya makalata onse mu fulashi. Iwo ankaitcha bakapu. Lamulo limeneli ndinkalisunga kuposa malamulo ena a m'Baibulo.

Imelo ya Edina inafika Lachisanu masana. Ndinaliyang'ana khandalo, mphuno ya amayi yeniyeni, ndipo m'malo mofewa mtima ndinapsa ngati chitsulo cha pamoto. Ndinakhala pansi n'kulemba yankho. Zambiri za m'kalatamo ndi zamanyazi, koma mawu otsirizira ndiwalemba pano chifukwa ndi amene anapha zonse: "Ndikuyankhula ngati mwini mbumba, ndipo amayi akugwirizana nazo. Kwanu ndi komweko. Amayi akadwala usadzaponde kuno. Ngakhale udzamve uthenga wa maliro awo usadzabwere, tidzaika tokha."

Zoti amayi akugwirizana nazo linali bodza. Amayi sankadziwa n'komwe kuti kwabwera kalata.

Ndinadina potumiza, koma netiweki tsiku limenelo inali itapita kukapuma. Kalatayo inakhala mu autibokosi, bokosi la makalata odikira kutumizidwa. Ndinatukwana dongulo, ndinaikweza pawindo, osatheka. Nthawi yoweruka itakwana ndinakopera bakapu yanga mwa masiku onse, n'kutseka ofesi, ndikuti Lolemba ipita basi.

Lamulungu kunagwa chimvula cha ziphaliwali, ndipo Lolemba tinapeza kompyuta itapsa. A Phiri anaitsegula, anainunkhiza, n'kupukusa mutu. Tinakhala miyezi ingapo opanda makina. Kompyuta ina itabwera sitinagwiritsenso ntchito pulogalamu ija, makalata tinkangowerengera pa intaneti pomwepo. Fulashi ija ndinaiponya m'kabati, m'kachitini ka mapini. Mtima utazizira ndinayamba kuthokoza chiphaliwali chija, ndinkadziuza kuti Mulungu anandigwira dzanja. Ndinaiwala kuti kalatayo sinapse ndi kompyuta. Inali gone m'kachitini, yomata kale sitampa, ikungodikira basi yoti ikwere.

Zaka zitatu zinadutsa. Edina anayamba kuimba foni, mwezi uliwonse kamodzi, kudzera pa foni yanga poti amayi analibe yawo. Poyamba ndinkangowapatsira amayi foniyo. Kenako ndinayamba kufunsa za kuzizira kwa ku Joni, kenako za mwana, kenako tsiku lina ndinapezeka ndikufunsa kuti alamu ali bwanji. Kupepesa sindinapepese, inu owerenga, ndinkaona ngati kufunsa za nyengo kwakwanira. Za chithunzi chija amayi sindinawauze. Edina nayenso sanafunsepo, ndikhulupirira ankaopa kudzutsa zogona.

Chaka chachitatucho, nthawi yokumba mtedza, amayi anadwala. Anatupa miyendo, kupuma kunkawavuta, ndipo anawagoneka m'chipatala. Wowadikirira anali mng'ono wawo, amayi aang'ono a Nabanda. Adokotala ananditengera pambali n'kundiuza kuti ngati pali abale akutali ndi bwino adziwe. Ndinaimbira Edina Lachinayi. Analira, nati apempha tchuthi kwa abwana ake amene ankawagwirira ntchito ya m'nyumba, adzakwera basi Lolemba, Lachitatu adzakhala atafika ndi mwana. Ndinamupempha kuti Lamulungu, tsiku lokhalo limene ankatuluka, apite ku kafe ya intaneti akatumize zithunzi za mwanayo kuti amayi ayambe aona. Anavomera.

Nditawauza amayi Lachisanu, nkhope yawo inawala. Anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Kodi mnzanga wa dzinayo amafanana ndi ndani?" Funso limeneli linandilasa. Ndinaulula kuti chithunzi cha mwanayo ali khanda chinabwera kalekale, ndipo chili mu fulashi ku ofesi. Amayi sanandikalipire. Anangoti, "Ukanditengere mawa, mwanawe. Za Lamulungu n'zakutali."

Loweruka m'mawa ndinapalasa njinga kupita ku ofesi. Ndinaipeza fulashi m'kachitini muja, koma fayilo ya bakapu sinkatseguka mwa kungoidina. Ndinaimbira a Phiri. Anandiuza kuti fayiloyo imafuna pulogalamu yake ija, ndipo kompyuta yatsopanoyo inali nayo kale, kungoti sitinkaigwiritsa ntchito. Anayamba kundilongosolera, kenako anati, "Koma akulu, bwanji mudikire Lolemba ndibwere? Pali kanthu kena kofunika kusamala musanabwezeretse, poyamba muzule..." Ine ndinawadula pakamwa. Ndinati ndamva, zinazo ndiziona ndekha, mayunitsi akutha. Safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa pamenepo, ndinafunsa kenako n'kukana kumva yankho.

Ndinalowetsa dongulo, n'kutsegula pulogalamuyo. Inandifunsa adiresi yanga ya imelo ndi mawu achinsinsi, ndinalemba. Kenako ndinapeza polowetsera makalata akale, ndinaloza fayilo ya mu fulashi ija. Inandifunsa ngati makalatawo abwerere m'mabokosi awo momwe analili kale, ndinavomera mosaganiza kawiri. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda, ine ndikuimba mluzu, ndikudzitama mumtima kuti a Phiri amangofuna kuti tiziwaona ngati asing'anga. Zitatha, makalata onse a zaka zija anatulukira mu inibokosi, bokosi la makalata obwera. Pansi pa sikirini ndinaona timawu tikuphethira, tonena kuti ikutumiza kalata imodzi. Ndinationa ndi maso angawa. Ndinaganiza kuti ndi zochita za makina, ndinapitiriza kusaka chithunzi.

Ndinachipeza. Ndinakachisindikiza cha makaka pa sitolo ina pa Namitete, n'kuthamangira nacho kuchipatala. Amayi anachiyandikiza kumaso, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuseka koyamba chigonekedwere. "Mphunoyi ndi yanga, eti Nabanda?" Anachiika pansi pa pilo, ndipo namwino aliyense wolowa ankaonetsedwa. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati mwana wabwino kuposa onse m'boma la Lilongwe.

Kuyambira pamenepo ku ofesi sindinapitenso, ndinatenga tchuthi kuti ndizikhala pafupi. Foni yanga inali yongoimbira ndi kulemberana mauthenga, choncho maimelo sindinkawaona, ndipo poti amayi chithunzi anali nacho kale, za zithunzi za Lamulungu zija sindinazilondole. Lolemba ndinaimbira Edina kuti ndimve ngati wakwera, foni inangolira. Ndinati mwina ali pa chipwirikiti cha kudepoti. Lachiwiri inalira osayankhidwa, ndinati mwina ali m'dziko la eni, netiweki kulibe. Lachitatu ndinakakhala pa siteji kuyambira m'mawa, minibasi iliyonse yochokera ku tauni ndikusuzumira mkati. Makondakitala anafika pondizolowera, wina mpaka anandifunsa ngati ndikufuna ganyu yoitanira.

Amayi ankafunsa tsiku lililonse. Chitseko cha wodi chikangolira ankatembenuza mutu. A Nabanda ankawatonthoza kuti mwina basi yafera panjira, mwina awachedwetsa pachipata. Ine mtima wanga uja unadzukanso. Ndinayesa foni ya Fanuwelo, anaidula. Ndinati ndinanena ine, anthu awa ndi omwewo.

Lachisanu la sabata yotsatira, dzuwa likupendeka, amayi anatisiya. Mawu omaliza amene a Nabanda anawamva bwino anali akuti chitenje chawo chatsopano, chimene anali asanachivalepo, tidzamupatse Edina aberekere mwana. Chithunzi chija tinachipeza m'dzanja lawo, chitapindika m'makona.

Uthenga wa maliro ndinautumiza pa foni, ndipo ndinaulemba ndi mtima womwe uja. Ndinati: "Amayi atisiya. Wakondwa tsopano." Sindinanene kuti bwera, sindinanene tsiku loika. Kwathu kuno mwana wamkazi ndiye amakhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi anzake, kumutu kwa malemu. Malo amenewo anakhala opanda mwini, ndipo aliyense wobwera kudzakhuza ankafunsa monong'ona kuti kodi Edina ali kuti. Ine sindinanong'one. Ndinauza anthu poyera kuti mlongo wanga anasankha Joni kusiya mayi ake. Pa tsiku lometa ndinabwerezanso pamaso pa abale onse, ena akugwedeza mitu kundivomereza.

Patatha sabata ziwiri ndinabwerera ku ntchito. Ndinalowetsa dongulo, ndinatsegula pulogalamu ija, makalata anayamba kugwa. Pakati pa makalata a ogula mbewu panali imodzi ya Edina, yolembedwa Lamulungu lija anapita ku kafe. Inali yaifupi: "Ndamva achimwene. Tikiti ndinagula kale koma sindibwera, poti inu ndi amayi mwatero. Ndimaona ngati munandikhululukira. Muwauze amayi kuti ndimawakonda. Zithunzi za mwana ndi izi."

Sindinamvetse. Ndinatsikira m'munsi mwa kalatayo, ndipo pansi pa mawu ake panali mawu anga, onse, osasowa ndi chilembo chimodzi. Amayi akadwala usadzaponde kuno. Ndinatsegula bokosi la makalata otumizidwa, ndinaipeza ili pamwamba, tsiku lake Loweruka lija ndinkaimba mluzu. Bakapu inabweza zonse monga ndinaiuzira, ndi autibokosi yomwe. Pulogalamu itapeza kalata yodikira, ndipo netiweki ilipo, inachita ntchito imene ndinaituma zaka zitatu zapitazo. Kwa Edina inafika ngati yolembedwa dzulo lake, patangopita masiku awiri ndimuuze kuti amayi ali m'chipatala.

Inu owerenga, ndinalirapo pa maliro a amayi, koma kulira kwenikweni ndinalira tsiku limenelo, ndekha mu ofesi, pakati pa matumba a mtedza. Pa zithunzi zija panali kamtsikana ka zaka zitatu katavala diresi yatsopano ya paulendo, katanyamula kachikwama.

Nditawafotokozera a Phiri anagwira pakamwa. Anati chimene ankafuna kundiuza tsiku lija chinali chomwecho, kuti ndizule dongulo ndisanabwezeretse, ndiyang'ane mu autibokosi, ndifufute zosafunika, kenako ndilumikize intaneti. Mawu osakwana mphindi imodzi. Mayunitsi amene ndinapulumutsa tsiku limenelo sakanagula ndi mtolo wa masamba womwe.

Edina foni zanga sankayankha, choncho ndinapita kwa a Nabanda n'kuwaululira zonse, ndi bodza lija ndinanamizira amayi. Anandiyang'ana nati, "Iwe, pa maliro paja unkamunyoza mwana uja ukudziwa kuti unalembapo zoterezi?" Ndinati ndinkadziwa kuti ndinalemba, koma sindinkadziwa kuti zinapita. Iwo anati kusiyana kwake sakukuona. Ndi iwo amene anamuimbira Edina n'kumuuza kuti amayi ake anamwalira akuyang'ana kuchitseko, ndipo anamusiyira chitenje. Ine ndinayenda khomo ndi khomo kwa abale amene anamva mawu anga pa tsiku lometa, kukabweza zimene ndinanena. Ena anamvetsa, ena mpaka lero amati ndikungomuikira kumbuyo mlongo wanga. Madzi akatayika saoleka.

Edina anabwera chaka chotsatira, nthawi yomanga chiliza, iye ndi mwamuna wake ndi mwana. Anafikira kwa a Nabanda, osati kwanga. Fanuwelo, tenanti wopanda mudzi uja, ndi amene anasakaniza simenti ndi kunyamula njerwa za pa manda a amayi anga kuyambira m'mawa mpaka ntchito kutha, osadandaula. Anthu atabalalika ndinamupeza Edina ataima pa mandapo, chitenje chija chili m'chiuno. Ndinagwada, ine mwini mbumba, n'kuyamba kufotokoza za bakapu, za autibokosi, za dongulo, kuti kalatayo inali yakalekale, kuti inapita yokha ine osadziwa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, chinthu chimene ine sindinamuchitirepo munthu. Kenako anandifunsa mofatsa kuti, "Ndamva achimwene, inatumiza ndi kompyuta. Nanga analemba ndani?"



Tsopano timayankhulana. Amaimba pa Khirisimasi, amandipatsa mwana kuti andipatse moni, amanditchabe achimwene. Koma munda wa amayi, umene ndi wake mwa mwambo wathu, anauza a Nabanda kuti azilima iwo. Akuti kwawo ndi komweko, monga ndinamulembera.

Malangizo anga ndi awa, inu amene mumagwira makompyuta m'maofesi ang'onoang'ono ngati yathuyi. Mukafuna kubwezeretsa maimelo akale m'pulogalamu ya makalata, yambani mwachotsa intaneti. Zikalowa, tsegulani bokosi la makalata odikira kutumizidwa muone chimene chagonamo musanalumikizenso. Musangovomera funso lililonse limene makina akufunsani chifukwa choti muli pachangu, ndipo wodziwa akamakulangizani musiyeni afike kumapeto. Pansi pa sikirini pakaphethira mawu amene simukuwamvetsa, imani muwerenge. Ine ndikanaima tsiku lija, ndikanaimba foni imodzi yokha Loweruka lomwelo, ndipo Edina akanakwera basi yake.

Koma langizo lalikulu si la makina. Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo ine ndaona kuti mawu olembedwa ndi mkwiyo nawonso saola. Zaka zitatu zonse zija ndinali ndi mpata wouza mlongo wanga kuti ndinakulakwira, ndinakulemberapo zoipa, ndikuthokoza kuti sizinafike. Akanakhala kuti anamva zimenezi pakamwa panga, kalata ija itafika akanaizindikira, mwina akanaseka n'kundiimbira. Anaikhulupirira chifukwa sindinamupatsepo chifukwa choikayikira. Ngati muli ndi m'bale amene munangoyamba kumufunsa za nyengo osamupepesa, mupepeseni lero, musadikire kuti wina adwale.

Chithunzi cha khanda chija ndinachisunga ine, chili m'kabati ya ku ofesi, m'kachitini momwe munkakhala fulashi. Makona ake akadali opindika momwe amayi anachigwirira.